Galu Wamkota Sakandira Pachabe

Pali tsiku limene limafikira aliyense wosunga database, kaya ndi kubanki, kuchipatala, kukampani ya mafoni kapena kukaofesi kowerengera malipiro a antchito. Disiki yadzaza. Makina ayamba kuchenjeza, abwana akuimba foni mosalekeza, ndipo maso poyendayenda pamndandanda wa zinthu zodya malo agwera pa chinthu chimodzi chonenepa: index imene palibe ndi mmodzi yemwe akukumbukira mwini wake. Mukafunsa makina kuti index imeneyi yawerengedwapo kangati, yankho likubwera loti 0. Mtima uti myaa, chala n'kuyamba kuyabwa. Ana anga, chotsani kaye dzanja pa kiyibodi, senderani kuno timvane. Paja amati mawu a akuluakulu akoma akagonera, koma pa nkhani iyi ndi bwino akome lero lomwe, chifukwa akagonera mudzawakumbukira muli maso usiku wonse, makasitomala ali pamzere panja.

Musanaweruze chinthu muzidziwa ntchito yake. Index ndi mndandanda wosanjidwa bwino umene database imasunga pambali pa tebulo, wolozera pamene mzere uliwonse wagona. Ikasowa, munthu akafuna kasitomala mmodzi pakati pa anthu 10 miliyoni, makina amayamba pamzere woyamba n'kuwerenga mpaka womaliza. Ikakhalapo, amangotsika masitepe atatu kapena anayi, kasitomala uja balamanthu. Ma index ambiri a masiku ano amamangidwa m'njira yotchedwa B-tree, imene Rudolf Bayer ndi Edward McCreight anaitulukira ali ku Boeing n'kuifalitsa mu 1972. Zaka zoposa 50 zapita, koma PostgreSQL, MySQL, Oracle ndi SQL Server onse akupondabe m'mapazi a anthu awiri amenewo.

Koma walira mvula walira matope. Index si ya ulere. Mzere uliwonse watsopano wolowa mu tebulo uyenera kulembedwanso mu index iliyonse ya tebulolo, moti tebulo lokhala ndi ma index 12 limasandutsa kulemba kumodzi kukhala ntchito ya malo 13. Index imadya disiki, imapanikiza zinzake mu memory, imatalikitsa backup, ndipo katundu yense ameneyu amasenzedwanso kupita ku makina ena onse osunga kope la database yomweyo. Mu 2016 akatswiri a kampani ya Uber anafotokoza poyera kuti kuchuluka kwa zolembalemba zobwera ndi ma index kunali chimodzi mwa zifukwa zimene anasamukira ku MySQL kuchoka ku PostgreSQL. Choncho musandimve molakwa. Sindikunena kuti musunge chilichonse chimene munachipeza. Munthu amene amaopa kuchotsa index ngakhale imodzi, chaka ndi chaka n'kumangoti tiona mawa, nayenso ali ndi mlandu wake. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Kuchotsa n'kololedwa, ndipo nthawi zina n'koyenera. Funso langa ndi limodzi lokha: mwadziwa bwanji kuti yafa?

Mudzati 0 uja ndiye wanena. Chabwino. Koma 0 ameneyo ndi mboni chabe, ndipo pabwalo la milandu mfumu yanzeru sigamula chifukwa choti mboni yati sindinaone kanthu. Imayamba yafunsa: unafika nthawi yanji, unaima pati, ndipo unkayang'ana chiyani?

Tiyambe ndi nthawi. Mu SQL Server, chiwerengero chimene mumaona mu sys.dm_db_index_usage_stats chimafufutika nthawi iliyonse makinawo akazimitsidwa n'kuyatsidwanso. Mu MySQL, mndandanda wa sys.schema_unused_indexes umadalira zimene zaonedwa kuyambira pamene seva inadzuka. MongoDB nayo ndi chimodzimodzi ndi $indexStats yake. PostgreSQL imayesetsa kusunga chiwerengero chake cha idx_scan ikazimitsidwa mwaulemu, koma ikagwa mwadzidzidzi imaiwala zonse n'kuyambiranso pa 0, ndipo munthu wina akhozanso kuchifufuta ndi pg_stat_reset osakuuzani. Ife amene timadziwa kuthimathima kwa magetsi, ndi jenereta imene imachedwa kudzuka batire litatha kale, tisamayerekeze n'komwe kukhulupirira chiwerengero chimenechi tisanaone tsiku limene chinayamba. Mwina 0 amene akukusangalatsaniyo ali ndi masiku anayi okha akubadwa. Kuyambira mu PostgreSQL 16, imene inatuluka mu 2023, muli danga lina la last_idx_scan lonena tsiku limene index inawerengedwa komaliza. N'lothandiza ndithu, koma nalonso limaiwala pamodzi ndi zinzake.

Tsono ngakhale chiwerengerocho chikhale cha miyezi itatu, ntchito ya anthu siyenda mofanana chaka chonse. Malipiro amawerengedwa kumapeto kwa mwezi. Malipoti ena ndi a miyezi itatu iliyonse. Chaka cha ndalama cha boma la Malawi chimatha pa 31 March, ndipo makampani ambiri amatseka mabuku awo mu December, kenaka n'kubwera owerengera ndalama ndi mafunso awo amene safunsidwa nthawi ina iliyonse. Sukulu ili ndi sabata yolembetsa ophunzira ndi tsiku lotulutsa zotsatira za mayeso. Wogula mbewu ali ndi miyezi yake yokolola. Index imene yagona tulo miyezi 11 ikhoza kukhala yomwe imanyamula ofesi yonse mwezi wa 12. Ndipo tsoka lake n'loti tsiku limene ikufunikalo ndi lomwe aliyense ali pa liwiro, lomwe simungapemphe anthu kuti adikire maola angapo muimangenso. Chakudza sichiimba ng'oma. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kwa pano kuli ndi muyeso wake: ntchito yonse ya pamalopo izungulire kamodzi, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, chiwerengero chisanadukepo.

Nanga mboniyo inaima pati? Malo ambiri masiku ano ali ndi seva yaikulu yolembapo ndi ma replica owerengerapo malipoti. Mu PostgreSQL seva iliyonse imawerenga zake zokha. Index ikhoza kuoneka ya 0 pa seva yaikulu pamene pa replica ikugwira ntchito usana ndi usiku. Koma mukaichotsa pa yaikuluyo, lamulolo limatsikira kwa onse, ndipo imachoka konsekonse. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Pitani nokha pa seva iliyonse mukaone ndi maso anu.

Funso lachitatu ndi limene limagwetsa ngakhale odziwa ntchito. Chiwerengero chija chimawerenga ulendo umene index yathandiza kufufuza. Koma pali ma index ena amene ntchito yawo yaikulu si kufufuza, ndi kulondera. Index ya UNIQUE ndi imene imakaniza kuti nambala imodzi ya chiphaso ilembedwe kawiri, kapena kuti risiti imodzi ilowe kawiri m'mabuku. Mu PostgreSQL ulonda umenewu suwerengedwa mu idx_scan, moti index yotere ikhoza kusonyeza 0 moyo wake wonse ikugwira ntchito tsiku lililonse. Ngati inamangidwa ngati primary key kapena constraint, makina adzakukanizani kuichotsa, ndipo muwathokoze. Koma ngati wina anangoipanga ndi CREATE UNIQUE INDEX, makina adzakumverani mwaulemu, osafunsa kanthu. Palibe chidzalire tsiku limenelo. Zobwerezabwereza zidzayamba kulowa mwakachetechete, sabata ndi sabata, mpaka tsiku limene mudzafune kuibwezeretsa, ndiye idzakana kumangika chifukwa m'tebulo mwadzaza kale mapasa. Pamenepo ntchito siikhalanso ya makina. Imakhala ya anthu kukhala pansi n'kumasankha pamanja kuti mwa mizere iwiri yofanana woona ndi uti, ndalama za eni ake zili pakati.

Alipo enanso olondera mwakachetechete. Index ya pa foreign key imathandiza pamene mzere wa tebulo lalikulu ukufufutidwa, kuti makina aone msanga ngati pali mizere ina yodalira umenewo. Mu Oracle kusowa kwake kumachititsa kuti tebulo lonse lodaliralo litsekedwe pa nthawi yotero, anthu ena n'kumangodikira. Komanso mapulogalamu ena amaitana index ndi dzina lake lenileni, monga FORCE INDEX mu MySQL kapena WITH INDEX mu SQL Server. Mukaichotsa, funso lotero silichedwa chabe ayi, limakaniratu. Ndipo mwina lili m'kapulogalamu kamene kamayenda kamodzi pachaka, kolembedwa ndi munthu amene anachoka kalekale.

Ndiye tafika pa munthu anachokayo. Achinyamata ambiri akalandira ntchito ya mnzawo amafulumira kuganiza kuti amene analipo kale sankadziwa kanthu. N'zoona kuti mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo maso atsopano amaona zinyalala zimene eni nyumba anazizolowera. Koma kalumo kakuthwa kamachekanso mwini wake. Galu wamkota sakandira pachabe. Index iliyonse imene mwaipeza inapangidwa ndi munthu, tsiku lina, pa chifukwa china, ndipo kawirikawiri chifukwacho chinali moto umene unayaka iye n'kuuzimitsa. Mwina chifukwacho chinatha, lipoti lake linasiyidwa, pulogalamu yake inasinthidwa. Ngati ndi choncho, chotsani ndi mtima woyera. Koma yambani mwachipeza. Fufuzani dzina la index m'ma code onse, m'mbiri ya Git, m'makalata akale a ntchito. Funsani a ku akaunti kuti ndi malipoti ati amene amatulutsa mwa apo ndi apo. Ngati mkulu uja akali moyo ndipo nambala yake ilipo, muimbireni. Anthu ambiri amakondwa kufunsidwa za ntchito imene anaigwira ndi manja awo. Safunsa anadya phula, ndipo mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Index imene mlandu wake ndi wosavuta ndi yobwereza inzake. Ngati pali ziwiri zofanana ndendende, imodzi ndi katundu chabe. Ngati ina ili pa dzina la boma lokha pamene inzake ili pa boma ndi mudzi, motsatana choncho, yachiwiriyo kawirikawiri imatha kugwira ntchito ya yoyambayo. Apa mukhoza kuyenda mofulumirirapo, bola muonetsetse kuti yochotsedwayo si ya UNIQUE.

Tsopano mvetserani bwino, chifukwa apa ndi pamene pali maliro enieni. Pali kusiyana pakati pa kuuza database kuti ichotse index yake, ndi kulowa nokha m'foda n'kufufuta fayilo ndi dzanja. Choyambacho ndi ntchito. Chachiwiricho musachite, ngakhale disiki itadzaza bwanji. Database ili ndi kaundula wake wa zonse zimene ili nazo, ndipo fayilo ikasowa kaundulayo asakudziwa, makina amapitiriza kuifuna mpaka kugwa. M'mapulogalamu akale a dBase ndi FoxPro, amene akadalipo m'maofesi ena, mafayilo a .mdx ndi .cdx amaoneka ngati zinthu zapadera zoti n'kutaya, koma tebulo limakumbukira kuti lili ndi index yake ndipo limadandaula ikasowa. Mu MyISAM, fayilo ya .MYI imasunga ma index onse a tebulo pamodzi, osati imodzi. Mu InnoDB nkhani ndi yoopsa koposa, chifukwa tebulo lenilenilo limasungidwa ngati index, ndipo fayilo ya .ibd ili ndi zonse, mizere ndi ma index omwe. Mu PostgreSQL mafayilo alibe n'komwe mayina, ndi manambala okhaokha, moti kungoyang'ana simungasiyanitse index ndi tebulo la malipiro.

Tsiku lolembedwa pafayilo lisakunamizeninso. Fayilo imene sinasinthe kwa zaka ziwiri ikungonena kuti simunalembedwe kanthu, osati kuti siwerengedwa. Tebulo la mayina a maboma silisintha, koma limafunsidwa mphindi iliyonse. Imene yasintha lero ikungonena kuti tebulo lake lalandira mizere, osati kuti wina waifuna. Ndipo pa Linux pali msampha wina wochenjera. Mukafufuta fayilo imene pulogalamu yaitsegula kale, dzina lake limachoka pamndandanda koma pulogalamuyo imapitiriza kuigwiritsa ntchito ngati palibe chachitika. Malo pa disiki sabwerera, ndipo palibe cholira. Munthu amapita kunyumba akudziyamikira. Patapita sabata kapena mwezi, seva ikazima n'kuyakanso, ndi pamene fayilo ija imapita ulendo wosabwerera, database n'kukana kudzuka, ndipo nthawi imeneyo palibenso akukumbukira chimene chinachitika. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Musaganize kuti izi zimagwera mbuli zokha. Kwa zaka zambiri PostgreSQL inali ndi mafoda otchedwa pg_xlog ndi pg_clog. Anthu disiki ikawadzalira ankaona mayinawo n'kuganiza kuti ndi zolemba wamba zotha kutaya, osadziwa kuti akufufuta mtima wa database. Zinachitika kambirimbiri moti mu 2017, potulutsa PostgreSQL 10, eni ake anasintha mayinawo kukhala pg_wal ndi pg_xact. Chaka chomwecho, pa 31 January, katswiri wina wa kampani ya GitLab, atatopa ndi ntchito ya usiku, anafufuta foda ya database akuganiza kuti ali pa seva yachiwiri pamene anali pa yaikulu. Pamene ankazindikira n'kuimitsa lamulolo, mwa pafupifupi 300 GB munali mutatsala zosakwana 5 GB. Atathamangira ku ma backup anapeza kuti njira zimene ankadalira sizinkagwira ntchito. Ina inali ikulephera mwakachetechete kwa nthawi ndithu popanda wodziwa. Chinawapulumutsa ndi kope limene linatengedwa maola 6 m'mbuyomo pa chifukwa china, ndipo zonse zimene anthu analemba mu database m'maola amenewo zinapita. Kampaniyo inachita chinthu chaulemu: inafotokoza zonse poyera, osapachika munthu mmodzi, kuti ena aphunzirepo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Amenewo anali akatswiri, ndipo chimene chinawagwetsa si umbuli koma kutopa, changu ndi backup yosayesedwa.

Nanga munthu wofatsa amatani? Amabisa asanataye. Oracle inabweretsa ma index osaoneka mu 11g mu 2007, MySQL 8.0 inatsatira mu 2018 ndi lamulo la INVISIBLE, ndipo MongoDB 4.4 inabweretsa ma index obisika mu 2020. Nzeru yake ndi imodzi: index imakhalapobe, imalandirabe mizere yatsopano, koma makina amaleka kuigwiritsa ntchito pofufuza. Wina akalira kuti lipoti lake laima, mumaibwezera m'kamphindi ndi lamulo limodzi, osamanganso kanthu. Akapanda kulira mpaka nyengo yonse itazungulira, mwapeza umboni weniweni. SQL Server ili ndi DISABLE, koma muzidziwa kuti imeneyo imasunga dzina ndi mamangidwe okha, zam'kati imataya, ndipo kuibwezera n'kuimanganso. Komanso mukachita zimenezi pa clustered index, tebulo lonse limatsekeka. PostgreSQL ilibe lamulo lobisira, choncho yeserani pa kope la database, osati pa yeniyeniyo: chotsani index kumeneko, yendetsani mafunso akuluakulu ndi EXPLAIN, muone ngati njira yasintha.

Tsiku lochotsa likafika, lembani kaye lamulo lonse loipangira n'kulisunga pamalo amene anzanu angalipeze inu kulibe. Mu PostgreSQL, pg_get_indexdef imakupatsani lonse. Dziwani kuti kuimanganso kungatenge nthawi yaitali bwanji, chifukwa kuchotsa ndi kwa sekondi imodzi koma kumanga index pa tebulo lalikulu ndi kwa maola, ndipo maola amenewo amabwera makina ali kale pa mawondo. Gwiritsani ntchito DROP INDEX CONCURRENTLY kuti musatsekereze anthu ena pa tebulo. Chotsani imodzi imodzi, kuti chikavuta mudziwe chavutitsa. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Musachite Lachisanu madzulo, musachite kumapeto kwa mwezi, musachite muli ndi tulo. Ndipo pakhale mnzanu woyang'ana nanu pa sikirini, awerenge dzina la seva mokweza musanadine. Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Madzi akatayika saoleka, koma amene akadali m'chikho mukhoza kuwayang'ana kawiri.

Ndikudziwa chimene chimakankha mwana kuti afulumire. Si ulesi, kawirikawiri ndi kufuna kuoneka. Kunena pamsonkhano kuti ndapulumutsa malo ochuluka chonchi kumakoma m'kamwa, pamene kunena kuti ndikudikira chaka chitseke kumamveka ngati kuzemba ntchito. Ntchito yosunga database ili ndi chisoni chake: ukaigwira bwino palibe akudziwa kuti ulipo, ukalakwitsa kamodzi dzina lako limafika mpaka kwa mlonda wa pageti. N'chifukwa chake imafuna munthu wa mtima wokhazikika, wosasowa kuwomberedwa m'manja, wotha kunena kuti sindinatsimikize pamaso pa anthu amene akufuna yankho lero. Kuthamanga si kufika. M'mizere imeneyo muli penshoni ya agogo ena, muli mankhwala a wodwala wina, muli fizi imene mayi wina analipira atagulitsa mbewu zake. Eni akewo sadzadziwa dzina lanu, koma anakusungitsani.

Mawu otsiriza apite kwa inu mabwana, amene mumaimba foni disiki ikadzaza. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, osati mokolezera. Mwana wanu akakuuzani kuti index ija akuikayikira koma akufuna aione mpaka mabuku a chaka atatsekedwa, musamuyese wamantha. Mugulireni disiki ina kuti apume, mupatseni seva yoyeserapo, ndipo mulamule kuti backup iziyesedwa pobwezeretsa zinthu zenizeni, osati kungoona kuti fayilo ilipo. Kenaka lembani tsiku limene mudzakhalenso pansi kugamula za index imeneyo, ndipo tsikulo likafika mukhalepo.